Nthambo Isangodutsa Pakhomo pa Anthu

Dziko la Malaŵi lilibe doko. Monga momwe feteleza ndi mafuta zimafikira kuno podzera m'maiko oyandikana nalo, intaneti nayonso imachokera ku nthambo za pansi pa nyanja zimene zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. M'chaka cha 2015 kampani ya SimbaNET, mothandizidwa ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, inatsiriza kuyala nthambo ya faiba kuchokera ku malire a Tanzania kufika ku Lilongwe, mpaka ku malire a Zambia. Pambuyo pake ESCOM inafalitsa ina m'maboma podzera pa mizati yake ya magetsi.

Koma kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Ambiri mwa iwo amaiona nthamboyi ikutsata mseu, kudutsa pa sukulu pao, pa chipatala pao ndi pa msika, osaima. Imakaima m'tauni.

Apa ndipo pagona nkhani ya umbava. Nthambo ya faiba ndi timaulusi tagalasi, topyapyala ngati tsitsi, tonyamula mauthenga mwa kuŵala. Mulibe kopa m'menemo, ndipo woidula sapeza choti nkugulitsa. Komabe mabanki, maofesi ndi zipatala za chigawo chonse zimasokonezeka. Apampando a nthambi za Chipani, pamodzi ndi mafumu, ayenera kufotokoza zimenezi pa misonkhano yao. Koma kulalikira kokha sikukwana. Munthu salondera nkhokwe imene sadyako.

Tsono udindo waukulu uli kwa ogwira nchito m'Boma. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba lapadera, loyang'aniridwa ndi MACRA, lofikitsira lamya ndi intaneti kumadera kumene makampani saona phindu. Ndalama zimenezo ziyambire pa mtunda waufupi wochoka pa mseu kukafika pa sukulu ya sekondale, pa chipatala chaching'ono ndi pa ofesi ya mlangizi wa zaulimi, popeza mbali yodula ya nchitoyi inachitika kale.

Nawonso a za miseu asamapereke nchito yokonza mseu asanakambirane ndi eni nthambo. Katapila wa kontirakitala amadula m'kanthaŵi kochepa chimene mbala ikanavutika nacho usiku wonse. Ndipo mseu watsopano uliwonse uzimangidwa pamodzi ndi paipi yodzeramo nthambo, nthaka ikadali yokumbidwa.