Chogwira paipi ikadzidzimuka

Amayi ndi abambo apamsika, munaumvapo mpope ukugunda kuti gu! gu! mukatseka madzi mwadzidzidzi? Ndiye taganizani paipi ya m'fakitale, yonenepa ngati mgolo, yodzaza nthunzi yotentha. Mphwanga amagwira ntchito kunsi kwa mapaipi otere, n'chifukwa chake nkhaniyi ine sindiiseka ayi.

Pavuta ndi apa. Paipi yachitsulo ya mamita 100 ikatentha ndi madigiri 100 imatalika pafupifupi masentimita 12. Mukaimanga nganganga, ithyoka. Mukaisiya lendelende, chivomerezi ngati chija cha ku Karonga mu 2009 chingaigwedeze mpaka kung'ambika.

Tsono mainjiniya amaikapo kachida kotchedwa snubber. Kamachita ngati lamba wa m'galimoto uja: mukamukoka pang'onopang'ono amabwera, mukatsomphola amakana. Paipi ikamafutukuka mwaulemu kamailola, ikadzidzimuka kamaigwira kuti gwi!

Koma abale, mtundu wina wa kachidaka umadalira mafuta a m'kati mwake. Akadontha n'kutha, kamasanduka chokongoletsa basi, ndipo ukangodutsa sungadziwe. Ndinamufunsa mphwangayo kuti kuntchito kwawoko anatiyesa liti tizidati. Anangokanda m'mutu.