Ana a ku Chigwa akufunika labotale, osati ufa wokha

Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unayambanso ntchito mu 2025, akuluakulu n'kuwomba m'manja. Ine zinandipsetsa mtima. Dziko likukumba miyala yoyendetsa mafakitale a nyukiliya, koma m'masekondale ambiri oyendera a ku Chikwawa ndi Nsanje fizikisi ikuthera pabolodi: mphunzitsi ajambula batire ndi choko, ana n'kukopera m'kope, basi.

Ukadandaula, amakuyankha kuti anthu a ku Chigwa akufuna chimanga ndi matenti, sayansi yakuya ndi ya azungu. Mwano wake! Ndani anawauza kuti mwana wa ku Bangula ali ndi mimba yokha, mutu alibe? Madzi akasefukira amathamanga ndi matumba a ufa, kujambulitsa zithunzi, n'kubwerera kutauni. Ana awo omwe ali m'sukulu zokhala ndi zida zonse, kodi amawauzanso kuti fizikisi ndi ya azungu?

Kuti muone phindu la fizikisi, taonani za neutrino. Ndi kanthu kakang'ono zedi, kamene kawirikawiri kamadutsa thupi lanu ndi dziko lonse osagunda paliponse. Clyde Cowan ndi Frederick Reines anakagwira koyamba mu 1956 pafupi ndi makina a nyukiliya ku America. Mu 1965, ma neutrino ochokera mumlengalenga anaoneka pansi pa mgodi wa golide ku Boksburg, dera la Johannesburg komwe agogo athu a theba ankatuluka thukuta. Iwo ankakumba, oyeza anali ena. Lero ku Japan kuli thanki ya madzi matani 50,000 yotchera tinthuti. Makina a nyukiliya akamayaka amatulutsa ma antineutrino, abale a neutrino, osawerengeka, ndipo palibe khoma lowatsekereza. N'chifukwa chake akatswiri akukonza zida zoti zidziwe ngati makina ayaka kapena azima, ngakhalenso kuthandiza kuona ngati wina akupatutsa plutonium wopangira bomba.

Oyeza akadali ena. Tili ndi lamulo la mphamvu za atomu la 2011, koma lamulo siliyeza madzi a mumtsinje. Amayeza ndi munthu wophunzira, ali ndi chida m'manja. Popanda munthuyo tizingovomera zilizonse zimene wokumba watiuza, ngati wogulitsa thonje amene sadziwa kuwerenga sikelo.

Ndalama zochokera ku mgodi wa Kayelekera zimange malabotale, ndipo Ngabu, Nchalo ndi Marka asakhalenso kumapeto kwa mzere.