GASI WOPHIKIRA AFUNIKA NKHOKWE YAKE

Pamene Boma likulimbikitsa anthu a m'mizinda kuti aleke makala ndi kuyamba kuphikira gasi, amayi ambiri ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi akufunsa funso limodzi: kodi gasi ameneyu adzapezeka masiku onse? Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, ayenera kuliyankha moona, osaliyesa la anthu okana chitukuko.

Yankho lake liyambe ndi mfundo yakuti gasiyu sali pafupi kutha pa dziko lapansi. Propane, amene pamodzi ndi butane amadzazidwa m'masilinda ophikira, alibe zitsime zakezake. Amapatulidwa pamene akatswiri akuyeretsa gasi wochokera pansi pa nthaka, ndiponso pamene akuyenga mafuta kuti atulutse petulo ndi dizilo. Malinga ngati ntchito ziwirizi zikuchitika, propane adzatulukabe, ndipo dziko la America, limene limagulitsa kunja propane wochuluka koposa maiko ena onse, lili naye wotsala chaka ndi chaka.

Vuto la Malawi lili panjira. Dziko lino silipanga gasi ngakhale silinda imodzi, ndipo lilibe doko. Gasi yense amene akuyaka m'makhitchini a muno wafika pa magalimoto a matanki, atawoloka malire a eni ake. Akuluakulu sanaiwale zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu nayamba kuzungulira ulendo wautali ndi wodula wochokera ku Durban. Nkhondoyo inatha mu 1992, koma njira siinaleke kudodometsa. Mu March 2019, namondwe Idai anagumula mzinda wa Beira ndi kudula msewu wotulukira kumtunda. Nawo mafakitale akuluakulu oyenga mafuta a ku Durban, amene ankatulutsa gasi wambiri wa chigawo chino cha Africa, anazima: ya Engen itapsa mu December 2020, ndipo ya SAPREF inaima mu 2022. Tsopano dziko la South Africa lomwe likudalira gasi wobwera pa sitima zapamadzi.

Pamwamba pa zonsezi pali ndalama zakunja. Gasi amagulidwa ndi madola, kotero kuti pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wolowa m'dziko muno anamva kuwawa kwake, ndipo gasi sakanathawa.

Nanga dziko lotere lichite chiyani? Makolo a Amalawi sankadikira njala kuti aluke nkhokwe. Nzeru yomweyo inagwiritsidwa kale ntchito pa mafuta a galimoto, pamene bungwe la NOCMA, lokhazikitsidwa mu 2010, linapatsidwa nkhokwe za petulo ndi dizilo ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, zotha kusunga malita 60 miliyoni. Gasi wophikira ayenera kuganiziridwa chimodzimodzi, ndipo iye ali ndi ubwino umene petulo alibe: sawonongeka ngakhale atakhala m'thanki zaka zambiri. Akapanikizidwa amasanduka madzi, nachepa pafupifupi ka 270, kotero kuti thanki imodzi imasunga moto wa mabanja ambirimbiri. Ndiponso mtengo wake pa misika ya kunja umakonda kukwera pamene maiko a kumpoto alowa m'nyengo yozizira, pakuti kumeneko amawothera gasi yemweyu. Amene ali ndi posungira amagula mtengo uli pansi. Wopanda posungira amagula tsiku limene wasowa, pa mtengo umene wauzidwa.

Alipo ena amene akuti ndi bwino kudikira magetsi. Magetsi ndi ofunikadi, koma mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. M'miyezi imeneyo mbaula zinabwerera ngakhale m'nyumba za mabwana.

Zomwezo zimachitika ndi gasi. Mayi amene wasunga ndalama miyezi ingapo nagula silinda ndi chitofu, akapita kawiri kokadzazitsa nauzidwa kuti gasi kulibe, sapitanso kachitatu. Amaitana wa njinga ya makala, ndipo anansi ake onse amamva nkhaniyo tsiku lomwelo. Pamenepo ndondomeko ya Boma ya 2017 mpaka 2027 yochepetsa makala imakhala yabwerera m'mbuyo pa mzere wonse wa nyumba, ndipo mitengo ya ku Dzalanyama ndi imene imalipira. M'dziko limene mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, chikhulupiriro cha mayi mmodzi wotereyu si chinthu chosewera nacho.

Chifukwa chake bungwe la MERA, limene limapereka ziphaso ndi kuika mitengo ya gasi, liyenera kulamula kuti kampani iliyonse yoitanitsa gasi izikhala ndi wosungira wa masabata angapo, ndipo owona za ndalama zakunja aziika gasi wophikira pa mzere umodzi ndi mafuta, mankhwala ndi feteleza. Atsogoleri a Chipani akawona malo odzazitsira gasi atauma m'dera lawo, adziwitse a kwa DC msanga, asanaitanitse msonkhano wina wouza anthu kuti aleke makala.