Neti ya mayi woyembekezera isapite kunyanja

Asisi, ambirife tili ku Blantyre, Zomba kapena Lilongwe, koma kwathu ndi ku Migowi, ku Chitekesa, ku Chiringa. Tikaimba foni kumudzi timafunsa za feteleza ndi fizi ya ana. Tiwonjezereko funso ili: usiku wathawu, ndani anagona mu neti?

Boma limagawa maneti aulere, imodzi kwa anthu awiri, ndipo mayi woyembekezera amalandira yakeyake akayamba sikelo. Koma ku Phalombe neti ina imathera m'nyanja ya Chilwa kukokera matemba, ina yatchinga dimba, ina yafunditsa anapiye. Abambo ena amaikana, eti imabweretsa nsikidzi, mwinanso imachepetsa mphamvu kuchipinda. Limenelo ndi bodza. Neti sibereka nsikidzi, ndipo mankhwala ake anaikidwa kuti azipha udzudzu.

Nanga malungo akalowa m'nyumba, amavutika ndani? Mayi akakhala ndi pakati chitetezo cha m'thupi chimatsika. Malungo amamuthera magazi, akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wochepa thupi. Mwana wosakwana zaka 5 akhoza kukomoka n'kumwalira m'masiku ochepa. Wobereka mwanayo kumsana mbandakucha kupita kuchipatala, kusiya munda ndi geni, ndi mayi. Wojomba kusukulu kuti atsale ndi ang'ono ake ndi mtsikana. Koma mayi yemweyo nthawi zambiri alibe mawu pa neti imene analandira ndi manja ake. Apa m'pamene ife tikuti ufulu wake waphwanyidwa.

Umphawi tikuudziwa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba, ziweto ndi maneti omwe, ndipo banja losowa ndiwo limaona neti ngati chopezera chakudya. Komabe ndalama ya matemba imathera pa kabaza wopita kuchipatala. N'chifukwa chake tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti madzi akasefukira, maneti azifika limodzi ndi ufa, kuyambira kwa oyembekezera ndi ana. Mafumu nawonso aziitana bambo wolanda neti ya mkazi wake kubwalo.

Phalombe ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019. Katemerayu amathandiza, koma sateteza kotheratu, ndiye neti ikufunikabe usiku uliwonse, chaka chonse.

Ifenso tili ndi gawo lathu. Popita kumudzi, pa shuga ndi chitenje tiikepo neti. Tikafika tione ngati yamangidwa, yong'ambika tisoke, yochapa iyanikidwe pamthunzi. Mlamu kapena mng'ono wathu akakhala woyembekezera, timukumbutse kumwa SP kusikelo katatu kapena kupitirira. Mwana akatentha thupi, akayezetse tsiku lomwelo.

Imbani foni madzulo ano, ndipo mukambe ndi amayi eniake.