Nkhoko za m'ketulo zili ndi phunziro

Tayang'anani m'ketulo yanu. Ngati mumatunga madzi pamjigo, mwina pansi pake pamatirira zoyera zolimba ngati nkhoko za nsima. Ambiri timati ndi litsiro, koma ayi ndithu. Ndi mchere wa calcium ndi magnesium umene umakhala wosungunuka m'madzi. Madzi akawira, mcherewo umatsalira n'kuuma pachitsulo.

Ine ndimati ketulo ndi kamwana ka boyila, thanki yachitsulo ija yowiritsa madzi kuti atulutse nthunzi yoyendetsera ntchito m'mafakitale. Kofinya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa amasonkhezera maboyila ndi zotsalira za nzimbe, ndipo m'mafakitale ambiri a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amasonkhezera nkhuni za bulugamu. Amene amaima pambali pa motowo ndi abambo athu, alongo athu, ana athu.

Nanga nkhoko zimalakwa chiyani? Zimatchinga kutentha. Moto umayaka, koma m'malo motenthetsa madzi umapsereza chitsulo. Nkhuni zimatha zambiri, paipi imafooka, tsiku lina n'kuphulika. Pajatu pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mdani wachiwiri ndi dzimbiri. Mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi umaboola timaenje m'chitsulo, chamkati, kosaoneka ndi maso. Madzi akakhala ndi asidi, chitsulo chimadyeka msanga.

N'chifukwa chake kufakitale sathira madzi m'boyila chifukwa choti akuoneka oyera basi. Amayamba awadutsitsa m'makina ochotsa calcium ndi magnesium, kenako amawatenthetsa kuti okosijeni athawe, wotsalayo n'kumuthana ndi mankhwala monga sodium sulphite. Amayeza pH tsiku ndi tsiku, ndipo m'maboyila ambiri imasungidwa cha pa 10 kapena 11. Amatayakonso madzi ena kudzera kunsi kuti matope ndi mchere zisaunjikane. Munthu amene amalemba manambala m'buku osayeza madziwo akuseweretsa miyoyo ya anzake.

Kunyumba nako lamulo ndi lomweli. Ketulo ikamata, thiranimo viniga ndi madzi muyezo wofanana, kapena madzi a mandimu, muwiritse, mudikire ola limodzi, mutsuke bwinobwino. Osapala ndi mpeni.

Amene muli ndi giza, dziwani kuti magiza ambiri ali ndi kamtengo kachitsulo cha magnesium mkati, kamene ntchito yake n'kudyeka m'malo mwa thanki. Kakatha, dzimbiri limayamba thanki yeniyeniyo. Pulambala akabwera, mumuuze akaone. Kutentha mukuike pa madigiri 60: mukapitirira apo nkhoko zimachuluka msanga, mukatsitsa kwambiri tizilombo toyambitsa matenda timaswana.

Ndipo kapaipi kakunja kaja kakamadontha, chonde musakatseke ndi chiguduli kapena kukamanga ndi mphira. Ndi pomwe giza imapumira mphamvu ikachuluka mkati. Itanani wodziwa ntchito, ana akugona pansi pa denga lomwelo.