Chuma cha Mayi Hamlyn chikuphunzitsabe malamulo

Mayi Emma Hamlyn a ku Torquay, m'dziko la England, adamwalira mu 1941. Bambo awo adali loya, ndipo mayiwa adalamula mu wilo yawo kuti chuma chotsala chithandize anthu wamba a m'dziko lawo kumvetsa malamulo. Khoti litavomereza dongosolo lake mu 1948, woweruza Alfred Denning adakamba nkhani yoyamba mu 1949, pamutu wa ufulu wotetezedwa ndi lamulo. Kuchokera pamenepo, pafupifupi chaka ndi chaka katswiri amaitanidwa kukakamba kusukulu ya ukachenjede, ndipo zokambazo zimasindikizidwa m'buku.

Kwa ife izi si zachilendo. Ndi wakfu: thumba silikhudzidwa, phindu lake ndilo limagwira ntchito, mwini chuma atagona kalekale. Kungoti kuno tikati wakfu, maganizo amathera pa msikiti, chitsime ndi manda. Zonsezi nzabwino, koma umbuli wa malamulo ukusaukitsa mabanja athu tikuona.

Taonani lamulo la chuma cha masiye la mu 2011. Limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Nanga ndi amayi angati a ku Makanjira kapena ku Nkhotakota amene adalimvapo m'chinenero chawo? Bwato, maukonde ndi njinga zimachoka pakhomo maliro asanazizire, namfedwa ali chete poganiza kuti ndiwo mwambo. Palinso mfundo imene ngakhale ophunzira ena saidziwa: Msilamu akamwalira osalemba wilo, nkhani ikafika kukhoti, chuma chimagawidwa motsata lamulo la boma. Wofuna kuti magawo a m'Qur'an atsatidwe ayenera kulemba akadali moyo, nasaina pamaso pa mboni ziwiri. Shehe yekha sangaimalize nkhani yotereyi, loya yekhanso ayi. Afunika kukhala pamphasa imodzi, anthu akumva ndi kufunsa.

Sitikuti titengere zonse za Mayi Hamlyn. Iwo adali ndi kamtima konyada, kofuna kuti anthu a kwawo aone kuti malamulo awo amaposa a maiko ena a ku Ulaya. Komanso nkhani zomwe adakonzera anthu wamba, lero amazimva ndi kuziwerenga makamaka maloya okhaokha. Zathu zikadzatsekeredwa m'holo ya ku Zomba, m'Chingerezi chokhachokha, ndalamazo zidzakhala zitalowa m'madzi.

Pempho lathu likupita kwa amalonda amene Allah adawadalitsa ndi chuma. Patulani nyumba imodzi ya lendi, muilembetse mwalamulo m'manja mwa matrasti odalirika, ndipo lendi yake izilipirira nkhani imodzi pachaka. Aphunzitsi a zamalamulo a ku Yunivesite ya Malawi abwere ku Mangochi, akambe m'Chichewa ndi m'Chiyao, wailesi iulutse, kabuku kasindikizidwe kuti kafike m'madrasa. Chaka choyamba mutu ukhale wa chuma cha masiye, ndipo mipando yakutsogolo isungidwire amayi amasiye.