Magazi asamuletse mwana kudya nsawa

Mayi wa ku Kacholola akapita ndi mwana wa ziwengo kukayezetsa magazi ku Lusaka, n'kuuzidwa kuti IgE yakwera kwambiri, asafulumire kuchotsa nsawa ndi mazira m'mbale ya mwanayo. IgE ndi umodzi mwa mitundu isanu ya asilikali amene thupi limapanga m'magazi. Ina ndi IgG, IgA, IgM ndi IgD. Mwa yonseyi IgE ndiyo yochepetsetsa, n'chifukwa chake inapezeka mochedwa, mu 1966, pamene Kimishige ndi Teruko Ishizaka anaitulukira ku Denver. Imamatirira pa timaselo ta pakhungu, m'mphuno ndi m'mapapo, ndipo ikakumana ndi chinthu chimene yachiyesa mdani, timaselo tija timatulutsa histamine. Kuyabwa, kutupa ndi kubanika kumayambira pamenepo.

Koma IgE ili ndi ntchito ina imene kuno kwathu ndi yaikulu kuposa ziwengo: kulimbana ndi njoka zam'mimba ndi tizilombo ta likodzo. Mu 1968 ofufuza a ku Sweden anapeza kuti ana a ku Ethiopia anali ndi IgE yochuluka kwambiri kuposa ana a kwawo, makamaka amene anali ndi njoka. Mwana amene amasambira m'mitsinje yothira mu Luangwa akhoza kukhala ndi IgE yokwera chonsecho nsawa sizimuvuta n'komwe. Choncho chanzeru n'kuyamba kuyeza chimbudzi ndi mkodzo, zimene chipatala cha boma ku Nyimba kapena ku Petauke chingathe, ndi kumupatsa praziquantel kapena albendazole ngati tizilombo tapezeka. Kuyeza IgG pofuna kudziwa zakudya zosayanjana ndi munthu, kumene ena amalipiritsa ndalama zambiri, n'kutaya makwacha chabe, pakuti IgG imangosonyeza zimene munthuyo wakhala akudya.

Wina anganene kuti kuletsa n'kotetezeka, bola kusamala. Zoona, alipo ana amene akalawa nsawa milomo imatupa pakangopita mphindi zochepa, kukhosi n'kutseka. Amenewo athamangitsidwe kuchipatala kukabayidwa adrenaline, ndipo chakudyacho asadzachikhudzenso popanda dokotala. Komatu umboni wake ndi zimene zachitika mwana atadya, pepala la magazi limangochitira umboni pambuyo. M'mudzi momwe nyama imapezeka mwa apo ndi apo, ndiwo zotendera ndi phala lothira nsinjiro ndizo zimamanga thupi la mwana. Kumumana zimenezi chifukwa cha nambala imene njoka zam'mimba zakweza n'kumuitanira kunyentchera, pamene njokazo zikadali m'mimba momwemo.